Mantha a Maiko Akuru ndi Njira Zathu

Ife okhala pa Kafue tiri ndi aphunzitsi awiri osalankhula: ulalo wa njanje umene unamangidwa m'caka ca 1906, ndi nyumba ya magetsi ya ku Kafue Gorge. Ine, amene nchito yanga ndi kulemba ndi kusunga makalata a Boma, ndaphunzira kwa iwo kuti maiko amacita zambiri cifukwa ca mantha koposa cifukwa ca cikondi.

Pamene tinalandira ufulu m'caka ca 1964, mkuwa wathu unali kuoloka ulalo umenewu kunka kumwera, ndipo malasha a ku Wankie anali kuoloka pomwepo kudza kumpoto. Makina a magetsi a Kariba anali tsidya lija la Zambezi. Tsono pa 11 November 1965 Ian Smith anapandukira Britain, ndipo makolo athu anaona kuti khosi la dziko liri m'dzanja la mdani.

Cotero Dr Kaunda anafunafuna womanga njanje yonka ku Dar es Salaam. Maiko a kumadzulo anakana, nati siidzabweza ndalama. China anabvomera mu 1967, pakuti anali kuopa America ndi Soviet Union pamodzi, nafuna abwenzi muno m'Africa. Nayenso America, poopa kuti China angazike mizu kuno, anathandiza kukonza mseu waukuru wopita ku Tanzania. Njanje ya TAZARA, ya makilomita 1,860, inatha mu 1975. Koma damu la ku Gorge tinalipereka kwa a Energoprojekt a ku Yugoslavia, dziko losatsata mbali iri yonse, ndipo magetsi athuathu anayaka mu 1971.

Owerenga anga, masewera amenewa sanathe ai. Mu 2023 America ndi maiko a ku Ulaya analonjeza kuthandiza njanje yoturukira ku Lobito, ku Angola. Mu 2024 China analonjeza kukonzanso TAZARA. Onsewa maso ali pa mkuwa, ndipo yense aopa kuti mnzace angayambe ndiye kuutenga.

Mbewa yocenjera siikumba una wa khomo limodzi. Ifenso tilandire njira zonse ziwiri. Koma tisanalembe dzina pa pangano liri lonse, tiwerenge bwino mtengo wace. Pakuti mantha a akuru amatha, iwo nabwerera kwao. Ngongole ndiyo imatsala ndi ana athu.