Braai ya gasi siifa msanga

Ntchito yanga kuno ku Joni ndi yowotcherera mageti ndi zitsulo za m'mawindo, koma Seputembala akamayandikira pakhomo panga pamadzaza ma braai a gasi. Pa 24 mwezi umenewu anthu a dziko lino amakumbukira chikhalidwe chawo, ndipo ambiri tsikuli amalithera powotcha nyama. Munthu amavundukula braai yomwe yagona panja chaka chonse, n'kupeza dzimbiri lokhalokha, moto ukuyaka monyinyirika. Amagula ina, yakaleyo n'kupatsa womugwirira ntchito m'munda. Kawirikawiri ameneyo amakhala m'bale wathu wa ku Mangochi kapena ku Mzimba, ndipo ndi amene amandipeza nayo.

Ndimayamba ndagogoda mphika wake, momwe mumakhala moto. Ngati sunabooke, braaiyo ili moyo. Ma braai a kampani ya Weber mphika wake ndi wa aluminiyamu, ndiye suchita dzimbiri ngakhale miyendo itadyeka. Miyendo ndi nkhani yaing'ono, ndimadula zidutswa zotsala pa mageti n'kuwotcherera.

Chimene chimataitsa anthu mtima kwambiri ndi lawi lachikasu lodetsa nyama ndi mwaye, koma vuto limeneli nthawi zambiri silidya ngakhale randi imodzi. Gasi amatuluka pa kabowo kakang'ono ngati ka singano, n'kulowa mu mpope woyakira moto (burner) akukoka mpweya pa mpata umene uli pakamwa pa mpopewo. Awiriwa akasakanikirana bwino, lawi limakhala la buluu. Tsono akangaude amakonda kumanga mmenemo. Ulusi wawo ukatseka njira, mpweya umachepa, ndipo pena gasi amabwerera n'kuyakira kuseri kwa zotsegulira, pafupi ndi dzanja la wowotcha. Ndimazula mpope uliwonse, kupisamo kaburashi kotsukira mabotolo, kenako kutokosa timabowo ta moto kamodzikamodzi ndi kawaya. Ndi ntchito yofuna kufatsa, ndipo ndimaikonda kuposa zonse, chifukwa ukabwezera n'kuyatsa, mzere wonse umayaka mofanana. Kabowo ka gasi kaja kokha sindikakuza. Alipo amisiri amene amakaboola ndi dirilo kuti moto uchuluke, koma zotsatira zake ndi mwaye komanso silinda yosachedwa kutha.

Zakuda zimene zimasupuka mkati mwa chivundikiro si penti, ndi mafuta ndi utsi zomwe zinauma. Madzi otentha, sopo ndi chopalira zimakwanira. Penti yopirira moto ndimapaka kunja kokha.

Zitsulo zoikapo nyama, zikakhala zachitsulo cholemera chija, ndimaziviika mu viniga wosakaniza ndi madzi, kukwecha ndi burashi ya waya, kuumitsa, kupaka mafuta ophikira n'kuzitenthetsa mpaka zide. Ndikatha ndimapukuta bwinobwino ndi nsalu yonyowa, popeza kawaya ka burashi kakathothoka kamatha kukanirira pa nyama munthu n'kumeza. Timadenga totchinga ma burner kuti mafuta asadontherepo ndimapinda ndekha ndi zidutswa za stainless zogula kogulitsa zitsulo zakale. Malata ofolera nyumba ayi: ali ndi zinki, ndipo utsi wa zinki umadwalitsa, aliyense wowotcherera amaudziwa.

Mpaka apa munthu wawononga ndalama zochepa kwambiri. Pomwe timakangana ndi abale anga ndi pa paipi ndi reguleta. "Akulu, ingomangani ndi mphira, igwira." Ndimakana, ndipo sindinyengerera. Paipi yagona padzuwa imauma n'kung'aluka timing'alu tosaoneka pokhapokha uipinde. Reguleta ndi imene imachepetsa mphamvu ya gasi wa m'silinda kufika pa 2.8 kPa, mlingo umene ma braai ambiri kuno anapangidwira, ndipo siyotsegula n'kukonza. Zonse ziwiri timagula zatsopano, ndi zomangira zake. Amene alibe ndalama lero, braai yake imadikira kwanga mpaka kumapeto kwa mwezi, sindilipiritsa malo. Ambiri a ife timagona m'zipinda za kuseri kwa nyumba, banja lonse chipinda chimodzi, silinda ili pakona. Gasi ndi wolemera kuposa mpweya, akatuluka sauluka, amayala pansi pomwe pagona ana. Fungo la gasi amachita kuthiramo dala kuti timve, koma munthu ali m'tulo sanganunkhize.

Pomanga reguleta pa silinda ya makilogalamu 9 timazungulizira kumanzere, osati kumanja ngati bawuti wamba. Ndikamanga ndimathira thovu la sopo polumikizira paliponse, mwini wake akuona, kuti akathe kuchita yekha akamasintha silinda. Thovu likamatukuka, pakutuluka gasi, timatseka n'kumanganso. Machesi sayesera gasi.

Choyatsira chikafa timasintha batire, kapena kupala kansonga kake kothethetsa moto. Chikakanabe, machesi aatali amagwira ntchito yomweyo, bola chivundikiro chikhale chotsegula poyatsa. Silinda yodyeka ndi dzimbiri sindiikhudza ndi moto wanga wowotcherera ngakhale atati ilibe kanthu. Imeneyo imabwerera kwa ogulitsa gasi.