Musanagule "balanced", tiyeni tikambirane

Mau akuti "balanced" afika ku Kaunda Square. Anyamata amene ndimaphunzitsa sayansi, omwe amajambula nyimbo m'tizipinda ta ku Stage One ndi Stage Two, amawachula ngati mankhwala ociritsa nyimbo iliyonse. Ena akuyenda pansi, kusunga ndalama ya basi kuti akagule ka amplifaya ka ma headphone kolowa pulagi ya 4.4mm. Ndimadziwa mmene ndalamayo imapezekera movutikira, n'cifukwa cake sindingakhale cete.

Nzeruyi ndi yakale, inacokera ku matelefoni. Mu 1881 Alexander Graham Bell analembetsa njira yopota mawaya awiri pamodzi. Nthambo ya balanced imanyamula mau m'mawaya awiri, wina molunjika, wina motembenuza. Phokoso la magetsi likalowerera panjira, limalowa mofanana monse muwiri. Kumapeto makina amangotenga kusiyana kwa mawayawo: phokoso limafafanizika, mau n'kutsala. Ndiye cifukwa maikolofoni ya kuchalichi, ya pulagi ya XLR ya mapini atatu, imamveka bwino ngakhale nthambo italike mamita 30, pomwe ya RCA ya DJ wa pa kitchen party ikatalika imayamba kulira ngati njuci.

Koma ma headphone ndi nkhani ina. Nthambo yake ndi mita imodzi kapena awiri, ndipo mau amene imanyamula ndi amphamvu kale, moti phokoso la panjira silimveka n'komwe. Pulagi wamba ya 3.5mm ili ndi mbali zitatu: kumanzere, kumanja, ndi waya umodzi wobwerera wogawana. Ya 4.4mm, imene Sony inayamba kufalitsa mu 2016, imapatsa khutu lililonse mawaya ake awiri. Phindu lake lalikulu ndi mphamvu: pa makina ambiri volteji imawirikiza kawiri, mphamvu mpaka kanayi. Zimenezi zimathandiza ma headphone olimba kuyendetsa, a ma ohm 250 kapena 300. Timahedifoni ta ma ohm 32 timene timagula m'tauni sitifuna zonsezo.

Khutu limanyengeka msanga: cokwera volyumu limaciyesa cokoma. Poyesa, linganizani volyumu, tsinzinani, mnzanu azisintha mapulagi. Ndipo musalumikize headphone ya 3.5mm ku balanced ndi adaputala. Mumagundanitsa mawaya osayenera kukumana, amplifaya ingapse.

Ine ndikanakhala ndi ndalama yanuyo, ndikanayamba ndi nthambo yabwino ya XLR ya maikolofoni, kenako ma headphone abwino. Kumbukiraninso kuti bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kusapitirira maola 40 pa sabata akumvera pa ma decibel 80. Mphamvu yowonjezerayo imathera m'makutu mwanu, ndipo makutu sagulitsa ku City Market.