Mlonda wa Zikwama

Inu amene mukukonzekera mayeso a MSCE, ndikudziwa kuti nthawi ya masewera olimbitsa thupi mumathamangira kukabwereza masamu. Nanenso ndinkaipeputsa nthawi imeneyi, chikhalirecho ndine ndinali mphunzitsi wake.

Uphunzitsi ndinauphunzira ku Luwinga, pakoleji pomwe mu 1999 panatsegulidwa Yunivesite ya Mzuzu. Boma litachotsa fizi kupulayimale mu 1994, ana anasefukira m'makalasi. Pasukulu ina mumzinda momwemu, kalasi langa la Sitandade 5 linali thithithi. Nthawi ya masewera ikakwana, anyamata ndinkawaponyera chikulunga, atsikana n'kuwauza kuti azisewera fulaye, ine n'kukaothera dzuwa. Pajatu kuzizira kwa Mzuzu mu Juni si kwamasewera.

M'kalasimo munali mtsikana wina amene mwendo wake unapuwala ndi poliyo. Iyeyu ndinkamusiya pansi pa mtengo kuti azilondera zikwama za anzake, ndipo ndinkati ndikumuchitira chifundo. Tsiku lina anandifunsa mwaulemu, "Aphunzitsi, kodi zikwamazi zimathawa?" Anzake anafa nacho chikhakhali. Ine ndinagwidwa manyazi.

M'mawa mwake ndinamuimika pafupi ndi golo la ntchemberembaye n'kumupatsa mpira. Kuthamanga sankatha, koma dzanja lake linali lolunjika. Teremu isanathe, timu iliyonse inkamulimbirana.

Pambuyo pake ndinayamba kusula aphunzitsi, poyamba m'ndondomeko ya MIITEP, yomwe inaphunzitsa ntchito aphunzitsi omwe analembedwa asanapite kukoleji, kenaka mu IPTE. Ndinkawauza kuti phunziro liziyamba ndi kutenthetsa thupi, ana azigawidwa m'timagulu ting'onoting'ono, ena jingo, ena kuponyerana mpira, ena kuthamanga mopatsirana kamtengo, ndipo pomaliza azipumitsa thupi pang'onopang'ono. Ndikapita kukawayendera, sindinkayamba ndi kope la chikonzekero. Ndinkayamba ndawerenga ana amene angoima kapena kukhala pansi. Akachuluka, ndinkadziwa kuti mphunzitsiyo akuothera dzuwa ngati ine kale.

Ena mwa inu mukakhoza mayesowa mudzalowa koleji ya uphunzitsi, mwina ku Karonga kapena ku Kasungu. Tsiku lina mudzaima pabwalo, wenzulo ili kukamwa, ana ochuluka akukuyang'anani. M'mera mpoyamba. Musanaimbe wenzuloyo, mudzayambe mwacheukira pansi pa mtengo, muone ngati pali mwana amene akulondera zikwama.