Mfuti Yatsopano Inacititsa Manyazi Mlenje Wakale

M'mudzi wina wa kufupi ndi boma la Katete muli mkulu amene pa unyamata wake anali mlenje wochuka. Mfuti yake ya gogodera anaileka kalekale, koma mbiri yakuti diso lake siliphonya inatsala pakamwa pa anthu.

Atatha kukolola, makoswe anabuka m'nkhokwe yake nayamba kuononga cimanga. Mwana wake wogwira nchito ku Chipata atamva za bvutoli, anabwera ndi mfuti ya mpweya yoombera tizipolopolo ta mtovu ta mamilimita 5.5. Pamwamba pake anamangapo galasi loonera patali.

Madzulo a tsiku lomwelo mkuluyo anaona khoswe pa mtanda wa nkhokwe. M'galasi khosweyo anaoneka wamkulu ngati kalulu. Anaika mphambano ya timizere tiwiri ta m'galasimo pamutu pake, nakhethemula. Khoswe anathawa ali wamoyo, koma mtsuko umene unali kuseri kwa nkhokwe unabooka, madzi natayika. Pa mtsuko womwewo mdzukulu wake wa zaka 6 anali atangocokapo kumene.

Usiku umenewo mkuluyo sanakhudze nsima. Anaitana mwana wake nati, "Mwanawe, tenga cinthu cako ubwerere naco. Maso anga atha, ndikadapha mwana lero."

"Iai Atate," anayankha mnyamatayo, "wolakwa ndine. Ndinangomanga galasi pa mfuti osaligwirizanitsa ndi mpope. Tiyeni tiiyese mawa tisanaweruze maso anu."

Zoonadi, galasi ndi mpope wa mfuti ndi zinthu ziwiri zosiyana. Galasi limakhala pamwamba, pafupifupi masentimita 4 kucokera pa mpope, ndipo diso limaona molunjika pamene kacipolopolo kamayamba kutsika kakangoturuka. Njira ziwirizi zimakumana pa mtunda umene mwini mfuti wasankha, ndipo nchito yozikumanitsa siingacitike m'sitolo. Imacitika poombera candamale.

M'mamawa mphepo isanayambe, awiriwo anapita kumunda kumene kuli culu cacikulu. Anasankha culu cifukwa dothi limameza kacipolopolo, pamene mwala kapena citsulo cimakabweza. Anaimika cikatoni patsogolo pa culuco, nalembapo kadontho ndi khala. Anayamba alimbitsa zomangira zonse za galasi, pakuti mfuti ya sipuling'i imagwedezeka cakutsogolo ndi cakumbuyo, ndipo zomangira zimamasuka pang'onopang'ono. Anaombera coyamba pa mamita 10 kuti atsimikize kuti tizipolopolo tikugwera pa cikatoni, kenaka anafutukira pa mamita 25.

Mkuluyo anatsamiritsa dzanja pa thumba la mcenga, mfuti naigoneka pa cikhatho osaifinya. Kacipolopolo koyamba kanagwera kumanzere. Iye anafuna kupotokola galasi nthawi yomweyo, koma mwana wake anamuletsa.

"Dikirani, Atate. Kamodzi sikanena zoona. Omberani kasanu, mukulozetsa pa kadontho komweko."

Atatha kuombera anapita kukaona. Mabowo onse 5 anali pamodzi, moti citsekerero ca botolo cinawaphimba onse, koma anali masentimita 6 kumanzere kwa kadontho ndiponso cakumunsi pang'ono. Mkuluyo anayang'anitsitsa cikatonico nthawi yaitali osalankhula. Monga mlenje anadziwa tanthauzo lake: munthu wa maso akufa ndi dzanja lonjenjemera amamwaza mabowo ponseponse. Diso lake linali likadali bwino.

Tsopano anatsegula tizitsekerero ta zopotokola ziwiri za pa galasi. Ca pamwamba cimakweza kapena kutsitsa pogwera kacipolopolo, ca pambali cimasunthira kumanja kapena kumanzere, ndipo pali mibvi yosonyeza mbali yake. Cikapotokoledwa cimalira "tiki, tiki". Pa magalasi ambiri kulira kumodzi kumasuntha pogwera ndi mamilimita pafupifupi 7 pa mtunda wa mamita 100, koma pa mamita 25 sikukwana mamilimita 2. Motero kuti acotse masentimita 6 aja anawerenga kulira 33 cakumanja. Anaomberanso kasanu, nakonza za kumunsi, naomberanso. Dzuwa lisanafike pamutu, mabowo anali atadya kadontho ka khala. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha.

Mnyamatayo anawacenjezanso atate ake kuti akasintha mtundu wa tizipolopolo, kapena mfuti ikagwa pansi, ayenera kubwerera ku culu kukaiyesanso. Koma phunziro lalikulu mkuluyo analipeza yekha. Galasi limakuza khoswe, koma limabisa zonse zomuzungulira. Ndi gogodera ankaona nyama pamodzi ndi thengo lonse. M'galasi sanaone mtsuko, ndipo sakadamuonanso mwana.

Kucokera tsiku limenelo saika diso pa galasi asanayang'ane ndi maso ake eni cimene ciri kuseri kwa candamale. Akafuna kuombera ku nkhokwe amayamba waitana adzukulu onse kuti akhale kumbuyo kwake, ndipo amawawerenga. Mfuti amaitsekera m'bokosi, tizipolopolo nasunga pena.

Makoswe acepa m'nkhokwe. Mtsuko watsopano anaugula ndi ndalama za m'thumba mwake, ndipo akazi ake anauika kutali, kuseri kwa khichini.