Caka Cimodzi m'Fulati ya ku North End

Tsiku la 1 September ndi tsiku la piringupiringu mu mzinda wa Boston, ku America. Mapangano ambiri a nyumba za lendi amayamba pa tsikuli, motero anthu zikwizikwi amasamuka nthawi imodzi. Pa tsiku lotere nanenso ndinakwera masitepe opapatiza a nyumba ina ya njerwa zofiira m'dera la North End, sutikesi iri pa phewa, kulinga ku fulati yanga pa nsanjika yacinai.

Fulatiyo inali itangokonzedwa kumene. Pansi panali matabwa onyezimira, m'khicini munali firiji ndi citofu catsopano, bafa nalo linali loyera mbee. Khoma limodzi analipala pulasitala mwadala kuti njerwa zakale zioneke, pakuti kumeneko ukale wa nyumba umakweza mtengo. Ndisanalandire makiyi ndinapereka ndalama za miyezi itatu: lendi ya mwezi woyamba, ya mwezi wotsiriza, ndiponso cikole, monga lamulo la boma la Massachusetts lilolera. Thumba linapepuka, koma mtima unali m'malo.

Owerenga okondedwa, North End ndi kadera kakang'ono koyang'ana ku doko, kamene munthu angakazungulire pa miyendo osatopa. Muli nyumba ya Paul Revere yomangidwa ca m'ma 1680, ndi chalichi ca Old North ca mu 1723. Munakhalapo Angerezi, kenaka anthu a ku Ireland ndi Ayuda. Kuyambira m'ma 1860 munayamba kufika Ataliyana, poyamba a ku Genoa, pambuyo pace amphawi ocokera kum'mwera kwa Italy ndi ku Sicily. Pofika mu 1930 anali oposa 40,000, othithikana m'tizipinda ting'onoting'ono. Mabvuto sanawasowe. Pa 15 January 1919 thanki yaikulu ya manyuci a nzimbe inaphulika pa mseu wa Commercial, ndipo anthu 21 anafa, ena 150 nabvulala.

Zonsezi ndikanangoziwerenga pa zikwangwani za alendo, pakadapanda agogo ena a pa nsanjika yoyamba. Masiku oyamba tinkangopatsana moni wa pakhomo. Tsiku lina la cisanu ndinawanyamulira thumba la zogula, ndipo anandiitanira khofi. Anandifunsa ngati ndikudziwa amene ankakhala m'fulati yanga kale. Ndinapukusa mutu. Anati munkakhala banja la anthu asanu ndi anai, m'zipinda zomwezo zimene ine ndekha ndinkaziyesa zocepa. Pamene pali bafa langa panali bedi la ana atatu. Cimbudzi cinali cimodzi ca pa nsanjika yonse, ndipo posamba ankapita ku nyumba yosambiramo ya boma pa mseu wa North Bennet, thaulo ndi sopo ziri m'manja.

Ndinafunsa kumene ana a banjalo ali tsopano. Agogo analoza kutali, kunja kwa mzinda. Ena anacoka mwa kufuna kwao, pofuna nyumba ya bwalo ndi poimika galimoto. Koma adzukulu amene afuna kubwerera sangathe, pakuti lendi yawapitirira msinkhu. Ana a agogowo nawonso akhala kutali pa cifukwa comweco.

Zinafika bwanji pamenepa? M'ma 1950 boma linamanga mseu waukulu wa m'mwamba, Central Artery, umene unagwetsa nyumba zambiri ndi kulekanitsa North End ndi mzinda wonse. Mseuwo unali wa phokoso ndi utsi, komabe unakhala ngati linga: olemera sanalifune deralo, ndipo lendi inakhala yotsika. M'caka ca 1994 anthu a Massachusetts anavota kuthetsa malamulo oikira malire pa lendi. Kenaka mseu uja anaupititsa pansi pa nthaka, ndipo pa malo pace anatsegulapo munda wa Rose Kennedy Greenway mu 2008. Linga litagwa, dera la amphawi linasanduka malo osiririka, kufupi ndi maofesi ndi nyanja. Eni nyumba anayamba kukonza mafulati ndi kuwabwereketsa kwa anthu a malipiro abwino, osakwatira, okhala caka cimodzi kapena ziwiri. Lero m'deramo mukhala anthu ngati 10,000 cabe, ndipo ambiri a iwo si Ataliyana.

Usiku umenewo ndinayang'ana khoma langa la njerwa ndi maso ena. Ndinazindikira kuti ndalama zanga sizinali kulipira bafa ndi firiji zokha. Zinali kulipiranso fungo la buledi wa m'mawa, malo odyera a pa mseu wa Hanover, ndi mtendere wa dera limene anthu adziwana maina. Zonsezo anazimanga ndi anthu amene zidzukulu zao sizingathe kukhalamo.

Cimene sicinasamuke ndi cikhulupiriro cao. Parishi ya Leonard Woyera, imene ansembe a cipani ca Fransisko Woyera aitumikira, inayamba mu 1873, ndipo chalichi cace anacimanga ndi tindalama ta anthu ogwira nchito pa doko ndi m'miseu. Mwezi wa August uli wonse asodzi a ku Sciacca, ku Sicily, amalemekeza Amai Maria, Madonna del Soccorso, monga acitira kuyambira mu 1910. Kumapeto kwa mwezi womwewo kumakhala cikondwerero ca Antonio Woyera wa ku Padua, cimene anaciyambitsa anthu a ku Montefalcione mu 1919. Pa masiku amenewa ambiri amene anasamuka amabwerera kwao.

Ndinaona ndi maso anga pa mseu wa Endicott. Amuna ananyamula cifanizo ca Antonio Woyera pa mapewa kwa maola ambiri, bandi ikuliza malipenga, anthu akumata ndalama pa maliboni a cifanizoco. Agogo sakanatha kuima nthawi yaitali, ndiye ndinawanyamulira mpando. Ana ao ndi adzukulu atafika, anandionetsa kwa iwo nati, “Uyu ndi mwana wanga wa pamwamba.” Anandipatsa dola imodzi kuti ndikawamatire, popeza miyendo yao sikanalimba m'khamu lija. Ndinapita, manja akunjenjemera.

Patapita masiku owerengeka, 1 September inakwananso. Anansi anga awiri anatsitsa katundu wao napita, osatsazika munthu, ndipo sindinadziwe ngakhale maina ao. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Lendi yanga inali itakwera, ndipo ndinawerengera ndalama zanga kawiri konse. Mtengo wa nyumba sindingathe kuutsitsa, ndipo amene anacoka sindingathe kuwabweza. Koma munthu wokhala m'nyumba ya eni angathe kuphunzira mbiri yace, kudziwa dzina la wokhala pansi pace, ndi kunyamula thumba lace pa tsiku la cisanu. Ndinasaina pangano la caka cina, kenaka ndinatsika masitepe kukauza agogo.