Foni iphunzitse ana mbiri, koma agogo asatsekedwe pakamwa

Sabata ino tisiye kaye za phala la mwana ndi masiku a sikelo. Tikambirane za mavidiyo ndi makatuni a pafoni amene ana athu akuphunzirirapo mbiri yakale.

Mwina mukudabwa kuti namwino wopuma ntchito zamukhudza pati za mbiri yakale. Kuchipatala wodwala akafika sitithamangira jekeseni ayi. Timayamba tamufunsa: zinayamba liti, munadwalapo chiyani, kumtundu kwanu alipo wa shuga? Munthu wosadziwa kumene matenda ake achokera amavuta kumuthandiza. Mudzinso uli chimodzimodzi. Ukapanda kudziwa zimene zinauonekera kale, umagwa m'dzenje lomwelomwelo kawiri.

Ndisaname, mavidiyowa ndi abwino. Ife tinkaloweza zaka ndi mayina pabolodi, chithunzi n'chimodzi m'buku lolimbirana anthu asanu. Lero mwana akatsegula YouTube amaona mapu akuyenda, njira za akapolo zikujambulidwa kuchokera kunyanja yathu mpaka kugombe la Indian Ocean. Amatha kuona chithunzi chenicheni cha Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe, ku Chiradzulu, amene anaukira atsamunda pa 23 January 1915. Amaonanso chiboliboli chake chovala chipewa, chimene Samson Kambalu anapanga n'kuimikidwa pa Trafalgar Square mumzinda wa London mu 2022. Mwana akaona zimenezi, nkhope ya pa K2,000 ija imasanduka munthu. Kanema wa William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene anatuluka mu 2019, waphunzitsa ana ambiri za njala ya 2002 kuposa mmene tikanawafotokozera pakamwa.

Koma abale anga, si mankhwala onse okhala m'botolo lokongola amene amachiza. Vidiyo aliyense angathe kupanga. Masiku ano kompyuta imajambula nkhope ya munthu amene sanakhaleko, kumuveka zovala zakale n'kumuyankhulitsa. Wina amatenga chithunzi cha dziko lina n'kulemba kuti ndi Nyasaland. Wina amapanga vidiyo yokweza mtundu wake n'kunyoza wa anzake, mwana n'kumeza zonse ngati phala la m'mamawa. Mwana amakhulupirira chimene waona ndi maso, ndiye bodza la pakanema limavuta kulizula.

Chondidetsa nkhawa kwambiri n'china. Pa intaneti mbiri ya Aroma, ya Egypt ndi ya Hitler yachita kusefukira, koma ya kwathu kuno ndi yochepa zedi. Tamufunsani mwana wanu za Fort Lister. Ili pompano, pampata wa pakati pa mapiri a Mulanje ndi Michesi. Angerezi anamanga linga limeneli mu 1893 kuti atseke njira imene ogula anthu ankadutsitsa akapolo popita kugombe. Mufunseni chifukwa chake Alhomwe ambiri tili kuno pamene abale athu ali ku Mozambique. Makolo athu anawoloka malire kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1900, kuthawa njala, msonkho ndi ntchito yokakamiza ya Apwitikizi, ambiri n'kudzagwanso m'thangata m'maesiteti a azungu. Ndi ana angati akudziwa kuti Phalombe inali mbali ya Mulanje mpaka 1998?

Ina ndi mbiri yoti ikaiwalika anthu amafa. Mu March 1991 mvula inagwa masiku otsatizana, phiri la Michesi n'kugumuka. Madzi, matope ndi miyala yaikulu ngati nyumba zinatsika n'kukokolola midzi, milatho ndi minda, anthu mazanamazana n'kutisiya. Ife amene tinali pantchito chaka chimenecho sitiiwala. Akuluakulu anati kwadutsa Napolo. Patapita zaka 32, mu March 2023, namondwe Freddy anabwera, ndipo m'dziko muno anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Kuno kwathu dera la Nkhulambe linaona zakuda. Pakati pa zaka ziwirizi pakula m'badwo wonse, ndipo ambiri akumanga ndi kulima popanda wowauza kuti apa panadutsa madzi.

Katuni yabwino ingamuonetse mwana mmene nthaka ya paphiri imakhutira madzi mpaka kulemera n'kutsetsereka, makamaka pamene mitengo inadulidwa. Zimenezo n'zothandiza ndithu. Koma kuti mtsinje wa kwanu unasiya khwawa lake pati, unalowera kumunda kwa yani, phokoso lake linamveka bwanji usiku uja, anthu anapulumukira pachulu chiti, YouTube sidziwa. Amadziwa ndi agogo amene akhala pakhonde apo, amene adzukulu sakuwayang'ananso chifukwa maso ali pafoni. Paja mawu a akulu akoma akagonera.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, musamuponyere mwana foni kuti akusiyeni muphike. Khalani naye pansi, muonere limodzi, ngakhale kawiri pasabata. Ikatha mufunseni: waona chiyani, wapanga vidiyoyi ndani, aphunzitsi ndi buku lanu akuti chiyani? Ngati zikusiyana, apite nalo funsolo kusukulu. Ngati vidiyo ili m'Chingerezi chothamanga, iimitseni mumufotokozere m'chinenero chathu. Bandulo ndi yodula, choncho sankhani mavidiyo awiri kapena atatu abwino, muwasunge mufoni kuti aonenso popanda mayunitsi. Ndipo monga namwino ndikuti foni isapite kumphasa. Mwana wogona mochedwa amasinza m'kalasi, ndipo wosakwana zaka 2 asaonere n'komwe.

Chachiwiri, ndipo chachikulu, itembenuzeni foniyo iyang'ane agogo. Pemphani kaye chilolezo chawo, kenako mwana yemweyo afunse: "Agogo, munabadwira kuti? Makolo anu anachokera kuti? Mu 1991 munali kuti? Nanga nyanja ya Chilwa itauma mu 1995 munkadya chiyani?" Asiyeni ayankhe m'Chilhomwe kapena m'Chiyao ngati n'kumene lilime lawo limamasuka, aimbe ndi nyimbo zomwe. Poyamba atchule dzina lawo, mudzi ndi chaka. Musawakakamize pankhani yowawa. Akafika polira, zimitsani.

Ana okulirapo angathe kupitiriza. Ajambule pamapepala zimene agogo anena, phiri, mtsinje, anthu atasenza akatundu, kenako atole zithunzizo ndi foni n'kuzilumikiza ndi mawu a agogo pa CapCut kapena pulogalamu ina yotero. Imeneyo ndi katuni kale, ndipo mwana amene wapanga yekha saiwala. Sungani pamemori khadi, mutumizenso pa WhatsApp kwa abale a ku Blantyre ndi ku Joni, kuti foni ikabedwa mbiri isapite nayo. Musathamangire kuika pa Facebook kapena TikTok nkhani za m'banja eni ake asanavomere.

Inu mabanja achinyamata, musati tidzachita ana akakula. Ndagwira manja a okalamba ambiri m'wodi, ndipo ndikudziwa kuti munthu amene dzulo amacheza bwinobwino, sitiroko ingamulande mawu usiku umodzi. M'mera mpoyamba. Lero mukaweruka kutchalitchi, tchajani foni pasola, mutenge ana ndi kashuga pang'ono, mukawaone agogo.

Tidzachezenso Lamulungu likubwerali. Ambuye akusungeni.