Kutalika kwa Njira Kumadziwika Pobwerera

Amayi anzanga, kwathu kuno ine ndimadziwika kuti ndine munthu wa miyendo. Pa zaka zonse zimene ndakhala ndikutsogolera gulu lathu la amayi, sindidadandaulepo ndi mtunda. Kukagwa maliro kutsidya kwa dambo, kapena kukakhala msonkhano kumpingo wina, ine ndimangomanga chitenje m'chiuno n'kunena kuti, "Tiyeni, m'pafupi pomwepa." Mawu amenewa ndidawalankhula zaka zambiri osawaganizira. Lero ndifuna ndikusimbireni za tsiku limene mawu omwewa adandichititsa manyazi pamaso pa mayi anga ondibala, kudziko la eni.

M'chaka cha 2023, mng'ono wanga amene amagwira ntchito ya unamwino ku America adatiitana, ine ndi mayi athu, kuti tikaone ana ake awiri, pakuti wamng'onoyo adali asanaonanepo ndi agogo ake. M'mwezi wa July, iye ndi alamu anga adatitengera ku Florida, pafupi ndi mzinda wa Orlando, kumalo achisangalalo otchedwa Walt Disney World. Malowa adatsegulidwa pa 1 October 1971, mwini dzina Walt Disney, uja adatchuka ndi kambewa kojambula kotchedwa Mickey Mouse, atamwalira kale mu 1966. M'menemo muli mapaki anayi, ndipo ife tinkapita ku paki yoyamba kumangidwa, ya Magic Kingdom.

Kuti mumve bwino nkhani yanga, ndiyambe ndakufotokozerani m'mene malowo adakhalira. Munthu wobwera pa galimoto yake saimika pachipata ayi. Malo oimikapo magalimoto ali kutsidya kwa nyanja yochita kukumba, dzina lake Seven Seas Lagoon, ndipo kuchokera kumeneko munthu amaoloka pa bwato lalikulu kapena kukwera sitima ya njanji imodzi, imene eni ake amaitcha monorail. M'mbali mwa njanjiyo muli mahotela atatu: Contemporary ndi Polynesian, amene adatsegulidwa limodzi ndi pakiyo mu 1971, ndi Grand Floridian, imene idabwera pambuyo mu 1988. Mwa atatuwa, Contemporary ndiyo idayandikira chipata, kotero kuti pali kanjira ka pansi kamene munthu wamphamvu zake amayenda mphindi ngati 10 basi.

Tsono mng'ono wanga adatilipirira malo ogona masiku awiri pa Contemporary pomwepo. Nditamva mtengo wake, mtima wanga udawawa. Ndidamutengera pambali n'kumufunsa kuti, "Kodi iwe, ndalama imeneyi siikadafolera nyumba ya mayi ndi malata atsopano? Bwanji sitidagone kutali kotsika mtengo?" Iye adandiyankha modekha kuti, "Achemwali, ine sindidalipire bedi ayi. Ndalipira kufupika kwa njira, chifukwa tili ndi mayi." Ine ndidangoti chete, koma mumtima ndidati mwana ameneyu kukhala kunja kwamuiwalitsa kuvuta kwa ndalama.

Sitima ija ndi chinthu chodabwitsa ndithu. Njanji yake ndi mtanda umodzi wa simenti, wosanjikidwa pa mizati italiitali kupitirira denga la nyumba. Sitimayo imaukhalira mtandawo monga mwana amakhalira nthambi ya mango, mwendo uku mwendo uku, ndipo imayenda ndi magetsi pa matayala a mphira, yopanda utsi ndi phokoso lija tidazolowera pa sitima za pa Limbe. Iliyonse ili ndi mabogi 6, ndipo wokwera salipira kanthu. Chimene chidawaseketsa mayi n'chakuti pa hotela yathu sitimayo imalowa m'kati mwenimweni mwa nyumba, n'kuima m'mwamba, anthu akudya pansi pake, kenaka n'kutulukira mbali ina.

M'mawa wa tsiku loyamba tidagawikana. Mwana wamkulu adalirira sitima, motero ine ndi mayi tidakwera naye, pamene alamu ndi mng'ono wanga adadzera kanjira ka pansi akukankha wamng'ono pa kangolo kake. Chimene sindidadziwe n'chakuti sitima yoima pa mahotela imazungulira nyanja mbali imodzi yokha. Ikanyamuka pa Contemporary imafulatira chipata, n'kukaima koimika magalimoto kuja, kenaka pa Polynesian, kenaka pa Grand Floridian, ndipo pomaliza ndi pamene imafika pachipata. Kuwerengera ndi kudikira komwe, tidatha pafupifupi theka la ola. Anzathu oyenda pansi tidawapeza atakhala pamthunzi, akutiseka. Pamenepo ine ndidagamula mlandu mumtima mwanga: sitima n'choseweretsa ana, munthu wamkulu adalire miyendo yake.

Dzuwa la ku Florida m'mwezi wa July limaotcha ngati la ku Chigwa cha Shire mvula ili pafupi, ndipo thukuta silimauma pathupi. Tsiku lonse tidali chilili, pano kuyenda, apo kuima pamzere. Pofika masana mng'ono wanga adati, "Achemwali, tiyeni tiwaperekeze mayi akagoneko pang'ono, tibwerenso madzulo." Ine ndidakana. Ndidati matikiti olowera tagula ndi ndalama zambiri, tisataye ngakhale ola limodzi. Kudagwa chimvula cha mabingu chakumadzulo, monga kumachitira nyengo imeneyo, tidausa, n'kupitiriza. Mayi, amene zaka zawo zapitirira 70, sadalankhule kanthu. Ankangomwetulira poona adzukulu awo akusangalala.

Usiku adaphulitsa makombola a mitundumitundu pamwamba pa nyumba yachifumu imene ili pakati pa pakiyo. Atangotha, khamu lonse lidakhamukira kuchipata nthawi imodzi, ndipo mzere wa kusitima udatalika. Mng'ono wanga adandigwira mkono nati, "Tiime pamzere, achemwali. Pobwerera hotela yathu ndiyo siteshoni yoyamba." Ine ndidayang'ana mzerewo, ndidayang'ananso nyale za hotela zikuoneka poteropo, ndipo ndidalankhula mawu anga aja: "M'pafupi pomwepa." Ndidatembenukira kwa mayi pamaso pa onse n'kufunsa kuti, "Mayi, muyenda eti?" Iwo adati, "Ndiyenda, mwana wanga."

Ndidabereka wamng'ono kumbuyo n'kutsogola, monga ndimachitira nthawi zonse. Sindidacheuke. Tili pakati pa njira ndidamva mwana wamkulu akufuula kuti, "Amayi aakulu, agogo akhala pansi!" Pobwerera m'mbuyo ndidapeza mayi atakhala m'mphepete mwa njira, nsapato zili m'manja, mapazi atatupa mpaka mu akakolo, akupumira m'mwamba. Anthu achilendo ankatilambalala, ena kuima n'kufunsa ngati tikufuna chithandizo. Nthawi yomweyo sitima ija idadutsa pamwamba pathu, nyale zili ngwee, kulunjika ku hotela yathu yomweyo. Mng'ono wanga adagwada, adawagwira pamkono kumvetsera kugunda kwa mtima, adawamwetsa madzi, osandiyang'ana n'komwe. Akadandikalipira bwenzi zili bwino. Njira ya mphindi 10 ija tidaimaliza patapita pafupifupi ola, ine mbali iyi alamu mbali inayo, titawagwira mayi m'khwapa.

Titafika m'chipinda ndidawasanjikira miyendo pa mapilo monga adandiuzira mng'ono wanga, ndipo ndidakhala pansi n'kumawasisita mapazi. Ndidawafunsa kuti, "Nanga mayi, bwanji osanena kuti mwatopa?" Iwo adati, "Ukandifunsa pagulu, pamaso pa mkamwini ndi adzukulu, ndiyankha chiyani? Kuyambira masana miyendo inkandiwawa, koma sindidafune kuti ana asiye kusangalala chifukwa cha ine. Iwe ukuyenda monga ndinkayendera ine ndikukubereka kupita nawe kusikelo. Nthawi yako idzafikanso." Usiku umenewo tulo sindidatione. Ndidakumbukira maulendo onse a gulu lathu, ndi amayi achikulire aja amafika pamaliro mwambo utayamba kale, ine n'kumati ngochedwa mwachibadwa.

Kutacha ndidapita kwa mng'ono wanga n'kupepesa. Kupepesa kwa mwana amene udamusambitsa ndi manja ako si chinthu chapafupi, koma ndidatero. Tsiku lachiwiri tidatsata nzeru zake. M'mawa kusanatenthe tidayenda pansi pang'onopang'ono, mayi ali patsogolo kuti liwiro likhale lawo. Masana tidakwera sitima, siteshoni imodzi yokha, ndipo mayi adakagona. Madzulo ana adabwerera ku paki ndi makolo awo, ine ndidatsala ndi mayi, ndipo makombola tidawaonera pa hotela pomwepo titakhala pamipando. Apo mpamene ndidamvetsa chimene mng'ono wanga adagula ndi ndalama zake.

Popeza ambiri a ife tili ndi ana ndi abale kunja, ndipo mwina tsiku lina adzakutengerani kumalo otere, ndikusiyireni zimene ndidaphunzira. Musangofunsa kuti hotela ili pafupi kodi. Funsani kuti sitima imalowera mbali iti. Wogona pa Contemporary ayende pansi popita, adzakwere pobwerera. Wogona pa Grand Floridian zake n'zosiyana, pakuti popita chipata ndicho siteshoni yotsatira, koma pobwerera sitima imayamba yazungulira nyanja yonse. Kumeneko nako adatsegula njira ya pansi mu 2020, koma ndi yotalikirapo. Mukakhala ndi okalamba kapena makanda, tulukani khamu lisanayambe kutuluka, ndipo kupumula masana musakuyese kutaya ndalama. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo ine ndidalidya ndithu.

Chibwerereni kumudzi ndasintha kayendetsedwe ka maulendo a gulu lathu. Tisananyamuke ndimayamba ndawerengera za pobwerera: tidzaweruka nthawi yanji, kudzakhala kutada kodi, nanga ndani adzakhale atatopa. Ndalama ya minibasi yobwerera ya amayi achikulire ndi oyembekezera timasonkheratu, ngakhale popita tiyende pansi tonse. Ndikafuna kudziwa ngati mayi wina akwanitsa ulendo, ndimamufunsa patokha, kuseri, osati pamaso pa anzake, chifukwa mayi wa kwathu kuno savomera kutopa pagulu. Ndipo pa msewu ine tsopano ndimayenda pambuyo pa onse.

Mwezi wathawu, tikuchokera kukazonda matenda kutsidya kwa dambo, mayi wina wachitsikana adandifunsa kuti, "Kodi amayi, masiku ano miyendo yayamba kukuvutani?" Ndidamuuza kuti miyendo ili bwino, koma adikire tifike ndimusimbire nkhani. Ndi nkhani yomweyi ndakusimbirani inu lero. Mukamakonza ulendo wa banja kapena wa gulu, yambani mwayang'ana amene ali wofooka pakati panu, ndipo mawu akuti "m'pafupi" muwasiye atuluke pakamwa pa iyeyo. Tsalani bwino, amayi anzanga.